Njerwa M'chikwama cha Kasingano

1. Mulu wa pansi

Kasingano anali mtsikana wowonda, wamtali, wa pakamwa pakuthwa. Dzinali anamupatsa ndi anzake a kusukulu, ndipo linamukakamira moti ngakhale mayi ake omubereka ankamuitana choncho.

Atalemba mayeso omaliza a ku sekondale sanafune kumangokhala pakhomo manja lende. Azakhali ake, telala wakale amene maso anali atayamba kuwavuta, anamubwereka makina osokera opalasa ndi phazi. Mtsikanayo anayamba kusoka zikwama za ana asukulu.

Nsalu inkabwera ndi bambo ake. Iwo anali dalaivala wa lole, ndipo kumene ankasoketsa matenti ophimbira katundu kunkatsala zidutswa zatsopano, zobiriwira, zabuluu, zina zotuwa. Eni malowo ankangowapatsa kuti zisadzaze malo.

Zikwamazo, ndikuuzeni, zinali zolimba. Msoko uliwonse ankaubwereza kawiri. Pogwira malamba ankasoka mopingasa mpaka singano kutentha. Koma kusoka ndi kwina, kugulitsa ndi kwina.

Kumsika anapeza malo a pansi, pakati pa mayi wa kaunjika ndi bambo wogulitsa nsapato zakale. Anayala chiguduli n'kukhuthulirapo zikwama zonse mulu umodzi, monga anansi akewo ankachitira ndi katundu wawo.

"Zotchipa! Zotchipa zikwama!" anakuwa mpaka mawu kusasa.

Anthu ankangodutsa. Fumbi lokha ndi limene linkaima, n'kutera pa zikwama.

Mayi wina anatembenuza chikwama ndi chala cha kuphazi. "Zachokera m'belo liti izi?"

"Si za kaunjika, mayi. N'zatsopano."

"Zatsopano zili pansi? Ndiye mtengo wake womwewu? Iii, mwana iwe, zili ndi vuto izi."

Kasingano anatsitsa mtengo. Mawa lake anatsitsanso. Koma abale, mtengo ukatsika anthu ankakayikira kwambiri. Wina akafunsa za nsalu, iye ankayang'ana pansi n'kuyankha chapansipansi, ngati wagwidwa akuba: "N'zotsala za tenti basi."

Sabata yonse anagulitsa chimodzi chokha, kwa bambo wina amene anati akasungiramo misomali.

2. Mawu a bambo

Lamlungu masana bambo ake anali pakhonde, akupukuta nsapato zawo za kuntchito. Anayang'ana mulu wa zikwama umene unali pakona pa balaza, kenaka anamuitana.

"Khala apa, mwana wanga. Ine sindidana ndi makinawo ayi. Phokoso lake ndalizolowera, ndimagona nalo bwinobwino. Koma ndayenda misewu yambiri, ndipo ndaona ana a anzanga akuyamba tibizinesi. Mwezi woyamba phokoso, wachiwiri zii. Chaka chimatha munthu ali pampando, akudikira wogula amene sanabadwe. Pamene akuti adzidzimuke, anzake apita patali, iye watsala ndi nkhani zokha. Ine sindifuna kuti iwe udzakhale choncho.

"Mchemwali wa abwana anga akufuna mtsikana wolera mwana, ku tauni ya kutali kumene ndimakatsitsa katundu. Ndi anthu abwino. Pogona palipo, chakudya chilipo, malipiro mwezi ndi mwezi. Ndawapempha kuti adikire mpaka sukulu zitsegulire. Tsikulo likafika mulu uwu uli pakona pomwepo, makina abwerera kwa azakhali ako, iwe ukwera nane lole. Sindikukupirikitsa. Koma fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo."

Kasingano zinamuwawa kwambiri. Kulera mwana sanali kukunyoza, koma manja ake anali atakonda nsalu. Anatembenukira kwa mayi ake, amene anali kuyanika zovala pachingwe.

"Usandiyang'ane ine," anatero mayi akewo. "Bambo ako ayankhula. Ngati ukufuna kukhala, zikwamazo zichoke."

Sukulu zinali pafupi kutsegulira.

3. Malebo a Madilu

Madzulo a tsiku lomwelo kunatulukira Madilu, msuweni wake, mwana wa azakhali aja. Ameneyu ankavala magalasi akuda ngakhale kuli mitambo. Lero mumamupeza akugulitsa zotchingira mafoni, mawa nkhunda, mkuja mankhwala a nsikidzi. Ntchito yeniyeni palibe amene ankaidziwa, ngakhale mwini wakeyo.

"Suweni, ndamva kuti akufuna kukutumiza ukachape matewera," anatero akuseka.

"Ngati wabwera kudzandiseka, khomo ndi lomwe walowera lija."

"Aaa, ukali wanji? Ndabwera ndi mankhwala." Anatulutsa kathumba m'jekete n'kukhuthulira pa tebulo la makina. Munali malebo, tinsalu tija tolembedwa mayina a makampani akunja. Anali atachita kutumbula ndi lumo pa zikwama zakutha za kaunjika.

"Vuto lako ndi limodzi," anapitiriza. "Ukuganiza kuti anthu amagula chikwama. Anthu amagula dzina, suweni! Soka kamodzi apa, pamwamba pa zipi. Ukanene kuti zangotsika kumene mu ndege. Mtengo ukweze. Uona okha akulimbirana."

"Si kuba kumeneko?"

"Kuba? Wam'pisa ndani m'thumba? Munthu watulutsa yekha ndalama, wanyamula chikwama cholimba, wapita akumwetulira. Walira ndani?"

Kasingano anatola lebo imodzi. Anayang'ana makina, anayang'ana mulu uja. Madilu atachoka anatenga chikwama chimodzi chabuluu n'kusokapo lebo yofiira.

Kunena zoona, chinakongola. Bodza likakhala latsopano limawala.

Malebo otsalawo anawaika m'thumba la siketi.

4. Pakhonde la a Chidendene

Lolemba m'mawa anasenza saka la zikwama kulowera kumsika. Atafika pafupi ndi geti la sukulu ya pulaimale, lamba wa patapata wake anaduka. Anatsimphina mpaka pakhonde la nyumba ina yakale, pamene pankakhala mkulu wosoka nsapato.

Mkuluyu anthu ankamutchula kuti a Chidendene, chifukwa munthu akafika ankayamba kumuyang'ana kumapazi, nkhope pambuyo. Pakhondepo pankanunkhira guluu ndi polishi. Panali benchi, kabokosi ka misomali, ndi ulusi wopakidwa phula. Kumbuyo kwawo kunali mulu wa zikwama za ana asukulu, zonyezimira, za zithunzi zokongola, koma chilichonse chili ndi bala. China lamba wazuka, china zipi yayasama, china chabooka pansi.

"Zonsezi n'zosoka, agogo?" anafunsa Kasingano akuwapatsa patapata.

"Zosoka? N'zondikalambitsa izi, mdzukulu. Ukabaya singano apa, nsalu ikung'ambika apo. Ndikasoka lero, mkuja mwini wake wabwera akundikalipira ngati ndinapanga ndine. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nanga iwe m'sakamo wanyamula chiyani?"

Kasingano anatulutsa chikwama chimene chinali pamwamba. Mwatsoka chinali chabuluu chija.

A Chidendene sanayang'ane n'komwe kunja kwake. Anachitembenuza, m'kati kukhala kunja, monga amachitira anthu odziwa singano. Anayendetsa chikhadabo pa msoko. Anakoka lamba ndi mphamvu zawo zonse mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. Lamba sanasunthe.

"Ha! Wasoka ndani?"

"Ine."

Anachibwezera bwinobwino, ndipo apa m'pamene anaona lebo yofiira ija. Nkhope yawo inasintha.

"Nanga uyu walembedwa apayu ndi ndani? Anakuthandiza kupalasa makina?"

Kasingano sanabise kanthu. Anafotokoza zonse, za kumsika, za lole, za msuweni wake. Mkuluyo anaika patapata pansi.

"Tamvera, mdzukulu. Msuweni wakoyo wanena zoona theka. Inde, maso ndi amene amayamba kugula, dzanja limangotsatira. Koma theka linalo ndi dzenje. Ukasoka dzina la mwini pa ntchito yako, chikwama chikalimba atamandidwa ndi iyeyo, munthu woti sakukudziwa n'komwe. Kholo lidzapita kukafuna dzina lomwelo kwina, iwe uli pano ukuyasamula. Ndipo tsiku limene mmodzi adzazindikire, sadzanena kuti lebo ndi yabodza. Adzati mtsikana uja ndi wabodza. Mawu amenewo amathamanga kuposa lole ya bambo ako. Udzasoka zabwino chotani, anthu adzaziyang'ana ndi diso la kumbali mpaka udzakalambe. Ine ndakhala pakhonde lino tsitsi lili lakuda mpaka layera. Ochenjera ndawaona ambiri, amabwera ndi fumbi n'kupita ndi fumbi."

Anatola patapata n'kuyamba kuboola.

"Chinanso. Iwe ukulira kuti anthu akunyoza zikwama zako. Anayamba kuzinyoza ndani? Wazitaya pansi ndiwe. Waziunjika pakati pa zakutha ndiwe. Wakuwa kuti zotchipa ndiwe. Munthu wodutsa alibe nthawi yofufuza misoko, amangomva zimene mwini katundu akunena. Ndipo katundu amayankhula ndi pamene wakhala. Nsapato yomweyi ndikaiponya apo, ndi yotola. Ndikaipukuta n'kuiika pa benchi, ndi ya bwana. Sindinaname, nsapato ndi yomweyo."

Kasingano anali akuyang'anabe mulu wa zikwama zong'ambika uja. Kenaka anafunsa, "Agogo, eni zikwama izi amabwera liti?"

"Tsiku lililonse. Sabata inoyi ndiye ayi, poti sukulu zikutsegulira, achita kundidikira pamzere, aliyense nkhope ili gwa."

"Ndiye kuti anthu otopa ndi zikwama zong'ambika sali kumsika. Ali pano."

A Chidendene anaimitsa singano.

"Agogo, mungandibwereke khoma ili?"

"Ona mwana uyu! Wabwera ndi patapata woduka, ukufuna kuchoka ndi khoma? Ukufuna kundiphera bizinesi?" Anaseka mpaka kutsokomola. "Tenga. Zikwama zophwephwerazi zikachepa, ine ndibwerera ku nsapato, ntchito yanga yeniyeni. Koma pakhoma langa sipakhala dzina la munthu amene sindinamuone."

Anamupatsa lumo. Kasingano anatumbula lebo ija, ulusi umodziumodzi.

5. Njerwa ndi botolo la madzi

Tsiku limenelo kumsika sanapiteko. Anabwereka burashi ya nsapato n'kuchotsa fumbi pa chikwama chilichonse. Anakhoma misomali pakhoma, molingana ndi maso a munthu woimirira.

Poyamba anafuna kupachika zonse. A Chidendene anapukusa mutu. "Wayambanso kaunjika wa m'mwamba? Pachika zochepa, chilichonse chipume. Zinazo zikhale m'saka."

Anapachika chobiriwira, chabuluu ndi chotuwa. M'kati anaikamo manyuzipepala akale kuti ziime mokhuta, ngati muli mabuku. Chimodzi anachipachika chotembenuza, misoko ili poyera.

Kenaka anazungulira kuseri kwa nyumba n'kubwera ndi njerwa. Anazilonga m'chikwama china mpaka kudzaza, n'kuchikoloweka ndi lamba mmodzi pa mtanda wa denga la khonde. Mtandawo unalira pang'ono. Chikwama chinangoti lende, osadandaula.

"Ukandigwetsera denga, ukalongosola wekha," anatero mkuluyo, koma maso ake anali kuseka.

Pomaliza anatunga madzi m'botolo n'kuliika pa benchi.

"Mtengo bwanji?" anafunsa a Chidendene.

Kasingano anatchula wa kumsika uja.

"Umenewo ndi mtengo wa munthu wopepesa. Walakwira ndani? Ganiza ulusi, zipi, ndi msana wako umene wakhala ukuwerama pa makina. Usabere munthu, komanso usadzibere wekha. Ukatchula mtengo, tseka pakamwa. Usathamangire kutsitsa munthu asanatsegule n'komwe kukamwa kwake."

Kasingano anabwerera pa mtengo umene anayamba nawo tsiku loyamba, asanachite mantha.

6. Funso la mayi wa ndolo

Chakumasana Madilu anatulukira. Anali atamusowa kumsika. Anavula magalasi, n'kuyang'ana khoma lija.

"Eee, suweni, wasanduka sitolo! Koma malebo ali kuti?"

Asanayankhidwe, panaima galimoto. Munatsika mayi wovala bwino, wa ndolo zikuluzikulu, atanyamula nsapato yothyoka chidendene. Akudikira, maso ake anagwera pa chikwama chobiriwira. Anachigwira, anatsegula zipi, anatseka.

"Koma n'chabwino ichi. Ndili ndi ana anga ndi a mng'ono wanga, onse akufunika zikwama. N'zakunja?"

"Zakunja zenizeni, mayi!" Madilu analumphira. "Zangofika kumene. Malebo ake tawachotsa dala kuopa akuba, ali m'thumba mwa msuweni wangayu. Suweni, aonetse."

Mayiyo anatembenukira kwa Kasingano. A Chidendene anaweramira pa nsapato. Malebo analidi m'thumba la siketi. Mayi mmodzi yekhayu akanatha kudula mulu uja pakati.

Kasingano anapukusa mutu.

"Ayi, mayi. Si zakunja. Ndasoka ndine, kunyumba kwathu."

Mayi uja anachotsa dzanja pa chikwama ngati chatentha. "Ooo. Zosoka m'makomo? Ayi, ana anga sangalole." Analandira nsapato yake, n'kukwera galimoto, ulendo.

"Wamisala iwe!" anakalipa Madilu. "Ndalama yabwera yokha ndi galimoto, iwe waipirikitsa ndi pakamwa! Ukachape matewerawo, wazifuna wekha."

Kasingano anatulutsa malebo onse n'kumuika m'manja. "Tenga katundu wako. Ukawasoke pa nkhunda."

Madilu anachoka akung'ung'udza. Mtsikanayo anakhala pa benchi, misozi ili m'maso. Anali ndi mantha, ndipo sanabise.

"Agogo, ndalakwitsa?"

"Zawawa, ndikudziwa," anayankha mkuluyo. "Koma si aliyense wodutsa amene ali wogula wako. Uja amafuna dzina loti akaonetse anzake. Iwe ulibe, ndipo sukanamukhutitsa. Wako akubwera, ndipo umudziwa ndi nkhope yotopa."

Sipanapite nthawi, panafika mayi wina wovala yunifolomu ya ogwira ntchito yoyeretsa m'maofesi. Anali ndi ana amapasa, anyamata, aliyense atakumbatira chikwama chopanda lamba.

"Agogo, ndabweranso," anatero mayiyo mofooka. "Ndinagula chaka chomwe chino. Ana awa kaya amanyamula miyala, kaya."

Mmodzi wa mapasawo anali ataona kale chikwama cholendewera chija. Mwana ndi mwana. Analumpha n'kuchigwira, n'kuyamba kuchita katungwe.

"Iwe! Tsika! Udula cha eni ake!" anakuwa mayi ake.

"Musiyeni, mayi," anatero Kasingano ataimirira. "Muli kale njerwa m'menemo. Mwana mmodzi sangachiopse."

"Njerwa?"

Kasingano anamutsitsa mwanayo, n'kutsegula zipi. Mayi uja anasuzumira, n'kugwira pakamwa. Kasingano anamuonetsa chotembenuza chija, msoko wobwereza, ndi posoka mopingasa pa malamba.

"Nanga nsalu yake ndi yanji?"

Funso lija linabweranso, limene kumsika linkamugwetsa nkhope. Ulendo uno anayang'ana mayiyo m'maso.

"Ndi nsalu ya tenti, imene amaphimbira katundu pa lole. Imayenda pa dzuwa ndi pa mvula, katundu osanyowa. Taonani."

Anatenga nyuzipepala n'kuiika m'chikwama, n'kutseka. Anathira madzi a m'botolo pamwamba. Madzi anangotsetsereka n'kugwera pansi. Atatsegula, nyuzipepala inatuluka youma.

"Mayo ine, makope a ana anga!" anatero mayiyo. "Dzinja lathali ndinkachita kuwayanika pamoto. Mtengo wake?"

Kasingano anatchula, n'kutseka pakamwa. Mayiyo anayang'ana zikwama zoduka zimene ana ake anakumbatira.

"Chikaduka ndikakupeza kuti?"

"Pompano. Mukandisowa, agogowa akudziwa kwathu. Ndidzasoka ulere."

"Lero nditenga chimodzi, ndi mmene ndingathere. China Lachisanu ndikalandira. Undisungire chabuluucho."

Mapasa anayamba kulimbirana chimodzicho asanachoke n'komwe pakhonde.

7. Lole yaima

Mbiri ya chikwama cha njerwa inayenda yokha. Ana ankabwera kudzachita katungwe, n'kupita kukakoka makolo awo. Kholo lililonse lobwera ndi chikwama chong'ambika linkapeza botolo la madzi likudikira. Ena ankagula, ena ankangopukusa mutu n'kunena kuti adzabwera mwezi ukatha. Mayi wa mapasa anabweradi Lachisanu, ndipo anabwera ndi mnzake wa kuntchito.

Kasingano sanakuwenso. Mawu ake anabwerera mwakale.

Koma musaganize kuti zonse zinatha ngati nthano. Loweruka lomaliza sukulu zisanatsegulire, m'saka munali mudakali zikwama. Zinali zochepa, komabe zinalimo. Ndipo bambo ake anali atanena kuti mulu uchoke.

Dzuwa litapendeka, lole inaima patsidya pa msewu. Kasingano sanaione, chifukwa anali kuthira madzi pa chikwama pamaso pa bambo wina wa njinga. Bambo ake a Kasingano anatsika mu lole, n'kuima patali pang'ono, manja ali kumbuyo.

"Nsalu imeneyi ndimaidziwa bwino," anali kunena mtsikanayo. "Bambo anga ndi dalaivala wa lole. Ayenda nayo zaka zambiri, ndipo sanafikitsepo katundu wa munthu atanyowa."

Wa njingayo anagula, n'kumangirira chikwama pa kaliyala. Apa m'pamene Kasingano anawaona bambo ake. Botolo linatsala pang'ono kumupulumuka.

Iwo anapereka moni kwa a Chidendene, n'kuyendera khoma lija pang'onopang'ono. Ananyamula chikwama cha njerwa ndi dzanja limodzi, n'kuchisiya msanga. Kenaka anasuzumira m'saka.

"Zatsala," anatero.

"Zatsala, ababa." Kasingano anaika botolo pa benchi. "Ndayesetsa, koma sizinathe zonse."

Bambo ake anakanda chibwano. Anayang'ana saka, anayang'ana mwana wawo.

"Kumene ndimasoketsa matenti kuja kwatsala nsalu yabuluu yambiri," anatero. "Ndikubweretsere Lachitatu, kapena ufuna yobiriwira?"

Kasingano sanamve msanga. Atamva, anagwira kumaso n'kulira poyera, pamsewu, mtsikana wamkulu ndithu.

"Nanga mchemwali wa abwana anu?"

"Ameneyo ndikayankhula naye ndekha. Andikalipira, koma khutu langa lazolowera hutala. Iwe pukuta misozi, ukuthawitsa ogula."

A Chidendene anaseka mpaka kugwetsa kabokosi ka misomali. Koma kusekako kunadukira panjira. Anaimirira mofulumira n'kuvula chipewa.

Mayi wina wamkulu thupi anali kuwoloka msewu, mulu wa makiyi ukulira m'dzanja lake. Sanali kuyang'ana magalimoto. Maso ake anali pakhoma.

"Ndani amenewa, agogo?" ananong'ona Kasingano.

"Eni nyumba ino," anayankha mkuluyo chapansipansi. "Sitolo yaikulu ya pakona ija ndi yawonso. Zikwama zonyezimira zimene ndimasokazi zimagulidwa kumeneko."

Mayiyo anakwera pakhonde osapereka moni. Anayang'ana misomali, anayang'ana njerwa zolendewera pa mtanda wa denga lake.

"Khonde ili ndinabwereka wosoka nsapato," anatero. "Wa zikwama ndani?"

Bambo ake a Kasingano anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma mtsikanayo anawagwira mkono. Anapukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, n'kupita patsogolo.

"Ndine, mayi. Ndasoka ndine."